Tsaya la Mfumu Sindichoka

Mu ufumu wa Indebwana, kumene mvula ikagwa amathokoza boma ndipo ikapanda kugwa amadzudzula alimi, munali mayi wina wojambula dzina lake Sungeni. Ambiri ankangomutchula make Lonjezo, chifukwa kulikonse kumene ankagwira ntchito kamwanako kankakhala kumbuyo kwake, apo ayi pansi pa makwerero kakulawa dothi.

Sungeni ankajambula pakhungu ndi pakhoma. Za pakhungu anaziphunzira kwa azakhali ake, amene ankatema atsikana mphini zokongoletsa ndi lumo ndi makala. Iye anasiya lumo n'kugula kamakina ka singano ndi inki, kolira ngati njuchi, n'kumajambula anthu zimene achinyamata amati tatuu. Wina anamubweretsera buku lochokera kunja lonena kuti pakhungu lakuda zojambula sizioneka bwino. Anawerenga tsamba loyamba, enawo anakolezera mbaula. Khungu lathuli iye ankalidziwa: mzere ukhale wonenepa, mipata ikhale yotakasuka, basi chithunzi chimaoneka ngakhale munthu ali tsidya la msewu.

Za pakhoma anayambira pa zikwangwani za magolosale ndi malo ometera. Amuna ojambula ankamuseka, makamaka Zakeyu, yemwe ankadzitcha katswiri wa mzinda wonse.

"Mkazi pamakwerero?" anatero Zakeyu tsiku lina. "Ndiye ife tiziyang'ana kuti?"

"Muziyang'ana ntchito yanu, achimwene. Ng'ombe munajambula pabutchala ija anthu akuti mukugulitsa nyama ya galu."

Koma ntchito imene Sungeni ankainyadira kuposa zonse inali khoma lalitali la Msika wa Tilipobe. Pamenepo anajambulapo amayi a mumsikamo, aliyense ndi malonda ake: mayi wa makala, mayi wosesa, Abiti Sumani ndi lichero la usipa, mayi wokazinga zitumbuwa atafinya diso ndi utsi, mpaka kumapeto kwenikweni kumene kunali Anachanza, mayi wa tomato wodziwika ndi pakamwa. Chiyambire dziko la Indebwana, pakhoma pankangokhala mfumu ndi atsikana otsatsa mafuta oyeretsa khungu. Tsono amayiwo ankaitana abale awo kuchokera kumudzi kuti adzawaone ali pakhoma. Sungeni akati afotokoze kuti iye ndi ndani, sankalankhula zambiri, ankangoloza khomalo. Pangodya pake panalinso kankhope ka mfumu, chifukwa lamulo linkati khoma lopanda mfumu ndi lopanduka.

Mfumuyo dzina lake linali Sindichoka Wachiwiri. Woyambayo anachoka.

Chaka chilichonse mfumu inkagawira amayi nsalu zokhala ndi nkhope yake kuti azivala poivinira. Amayi ankalandira ndi manja awiri, chifukwa kunena zoona inali nsalu yabwino, yosasuluka msanga, yomwa madzi. Koma nsalu ili ndi ulendo wake umene nduna siziudziwa. Ikakhala yatsopano umavinira. Ikayamba kufwifwa umapita nayo kumaliro. Kenako umaberekera mwana, kenako umatchingira pawindo, pomaliza umaidula zidutswa n'kukhala matewera. Palibe mayi angataye nsalu yomwa madzi chifukwa choti pali nkhope ya munthu.

Tsiku lina mdipiti wa magalimoto a mfumu unaima kunja kwa likulu la Mpandowanga, tayala litagwera m'dzenje limene boma linali litalengeza kuti linakwiriridwa. Mfumu inasuzumira pawindo. Kuseri kwa nyumba ina kunali chingwe choyanikapo matewera. Pa lina panali diso lake. Pa lina khutu lake. Pa linanso panali pakamwa pake pakumwetulira, pamalo penipeni pamene thewera limagwira ntchito yake, ndipo chaka chimenecho sopo anali wodula.

Nduna zinasonkhana tsiku lomwelo. Ina inati matewera aletsedwe. Ina inati zingwe zoyanikira zovala zilembetsedwe kuboma. Nduna ya Zaumoyo inati makanda apemphedwe kudziletsa kufikira komiti itapereka maganizo ake. Kenako anaimirira a Nyambitani, Nduna Yoona za Chikondi cha Anthu pa Mfumu.

"Mwinidziko," anatero, "vuto la nsalu n'lakuti imavulidwa. Tiike nkhope yanu pamalo pamene palibe mayi angadule ndi sizasi. Tiike pakhungu. Ndipo ife nduna zanu tikhale oyamba."

Nduna zinazo zinaomba m'manja kwinaku zikumuyang'ana ndi diso loipa.

Wodziwa ntchito imeneyo mu ufumu monse anali mmodzi. Sungeni anafika kunyumba yachifumu atabereka Lonjezo, kamakina kake kali m'jumbo. Anayang'anitsitsa mfumu. Anali bambo woonda, wa nkhope yaitali ngati munsi, masaya olowa m'kati.

"Ndijambula paphewa, bwana," anauza a Nyambitani. "Paphewa sipasintha."

"Paphewa? Pamene ndimapachikapo jekete? Ayi, mayi. Mfumu yanga ikhale pamalo pamene ndimapakonda koposa." Anakweza malaya n'kudzisisita pamimba.

"Mimba imayenda, bwana."

"Yanga imayenda ndi boma."

Nduna zinazo sizikanalola kuti zioneke zokonda mfumu pang'ono, ndiye zonse zinakweza malaya. Sungeni anajambula mimba ndi mimba, nkhope yomweyo yaitali, mchombo n'kukhala pachibwano. Lamulo linati anthu wamba atsatira pambuyo, koma inki yawo inasowa pakati pa doko ndi nyumba ya nduna ina, choncho anthu wamba anapulumuka.

Chaka chotsatira kunagwa chilala. Mumsika anthu anayamba kugula ufa wa m'timapepala, malamba akubooledwa zibowo zatsopano. Litafika Tsiku Lothokoza Mfumu, nduna zinandandalika pabwalo, ng'oma zinalira, ndipo pa chizindikiro cha a Nyambitani zonse zinakweza malaya kuti dziko lione kukhulupirika kwawo.

Ng'oma zinasiya zokha.

Pamimba iliyonse panali nkhope yonga dzungu. Maso anali atatalikirana, mphuno itaphwatalala, masaya atapita kukafika m'nthiti. Pamimba pa a Nyambitani, mfumu inkaoneka ngati munthu amene walumidwa ndi njuchi za mudzi wonse.

"Ameneyu ndi ndani?" inafunsa mfumu.

Anakatenga Sungeni. Anagwada, Lonjezo akumukoka ndolo.

"Mayi, mwanyoza mfumu," anatero a Nyambitani, malaya akadali m'mwamba.

"Ine ndinajambula nkhope yanu ili apoyo, Mwinidziko. Zinazo afunseni amene amawaphikira."

Mfumu inayang'ana mimbazo imodziimodzi, n'kuyang'ananso khamu la anthu ofwifwa amene anabwera kudzaithokoza. Ena anaganiza kuti lero kugwa mitu. Koma a Nyambitani sanakhale nduna chifukwa cha ngozi.

"Mwinidziko!" anafuula, misozi ikulengeza. "Chozizwa! Chithunzi chanu chaonera patali. Nkhope ya mfumu ikamakula, ndiye kuti dziko likukula. Adani anu amati kuli njala. Njala yake iti, nkhope ya mfumu ili chonchi? Chithunzi cha mfumu sichingalakwe. Ngati pali kusiyana, ndi nkhope yeniyeniyo imene yatsalira pang'ono chifukwa chotanganidwa ndi kutumikira anthu."

Mfumu inadzigwira masaya. Mawuwo inawakonda. Pofika madzulo linali lamulo, lowerengedwa pawailesi ndi a Nyambitani eni ake: chithunzi cha mfumu sichilakwa; wonena kuti chalakwa akagwire ukaidi; pakakhala kusiyana, mfumu mwa kudzichepetsa kwake idzayesetsa kufanana nacho. Ophika kunyumba yachifumu anawonjezedwa. Mfumu inayamba kudya modzipereka, kutumikira dziko ndi supuni.

Gawo lomaliza la lamulolo ndi limene linalasa Sungeni. Nkhope za mfumu za pamakoma zinayenera kukula mofanana ndi za pamimba. Anamupatsa jekete ya boma ndi udindo wa Wokulitsa Nkhope ya Mfumu. Mwezi uliwonse ankayeza mimba ya a Nyambitani ndi chingwe, ndipo chingwe chikatalika pang'ono pokha, tsaya la pakhoma linkayenera kusuntha ndithu. Khoma loyambira linali la Msika wa Tilipobe, poti ndilo linali lalitali.

Kankhope ka pangodya kaja kanayamba kutupa. Kumanzere kunalibe malo, kunali chimbudzi cholipira, ndiye tsaya la kumanja ndilo linkayenda. Mwezi woyamba linameza mayi wa makala. Mwezi wotsatira mayi wosesa, kutsala tsache lokha, kenako tsache lomwe. Sungeni ankapaka penti yofiirira pa nkhope zimene anazijambula yekha, pa makwinya amene anachita kuwawerenga ndi maso, mwini wake atakhala pomwepo akugulitsa malonda.

"Lero wadyedwa ndani?" anthu ankafunsana m'mawa, m'malo mwa moni.

"Abiti Sumani. Latsala lichero."

Abiti Sumani anabwera kudzaona, manja ali m'chiuno. "Msonkho anadya, benchi yanga anadya, lero adya ine ndemwe. Koma bamboyu ali ndi chilakolako. Make Lonjezo, usipawo umusiyireko, mwina akhuta."

Anthu anaseka. Sungeni sanaseke. Anayesa kusungunula penti kuti nkhope zizionekerabe pansi pake. Oyendera ntchito anamuuza kuti tsaya la mfumu silikhala ndi mizukwa. Anayesa kukoka chingwe mwamphamvu poyeza mimba. A Nyambitani anapuma mpweya wambiri n'kuikulitsa dala. Anaganiza zobweza jekete, koma Zakeyu ankazungulira pamsika tsiku lililonse ndi burashi yake yaikulu yopakira nyumba, akuuza aliyense kuti iye khoma lonselo akhoza kulimaliza asanadye nkhomaliro. Sungeni anaona kuti bola amayiwo aziwakwirira yekha, pang'onopang'ono, monga amachitira wachibale.

Pomaliza anatsala Anachanza okha kumapeto kwa khoma, tsaya litawafika pachigongono.

"Iwe mwanawe," anamuitana Anachanza m'mawa wa tsikulo, akupanga timilu ta tomato. "Ndamva kuti mimba ija yakulanso."

"Yakula, amayi. Kunali msonkhano wokambirana za njala. Anakhala kuhotela sabata yonse."

"Ndiye lero ndi ine?"

Sungeni anayamba kutakasa penti yofiirira.

"Mlongo wanga akubwera kuchokera kumudzi mwezi wamawa. Ndinamuuza kuti ndili pakhoma. Ndikamuuza kuti ndili kuseri kwa tsaya, adzati ndayamba kumwa." Anachanza anapukuta tomato pa nsalu yawo. "Paka, mwanawe. Usandiyang'ane choncho. Ukakana akumanga, ndiye kamwanaka kayamwa ndani, ine?"

Sungeni anakwera makwerero n'kupaka. Anayambira kumapazi, nkhope n'kumalizira. Atatsika anabwerera m'mbuyo mpaka pa mabenchi a nyemba kuti aone ntchito yake. Khoma lonse, kuchokera pachimbudzi mpaka pachipata, linali tsaya. Diso ndi mphuno zinali kutali pangodya. Kwina konseko kunali kofiirira, kosalala, kopanda kanthu. Amayi a mumsika anakhala chete, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire msikawo.

Sungeni anaimirira pamenepo nthawi yaitali. Lonjezo analira, anamuyamwitsa ali chiimire, maso ali kukhoma. Ndipo m'mene ankayang'ana, chimene ankaona sichinalinso khoma. Linali khungu, lalikulu, losalala bwino, lotambasuka. Munthu amene wakhala zaka akujambula pakhungu akaona khungu lotere, dzanja limayabwa lokha.

Anapatsira Anachanza mwana, anatsegula chitini cha penti yakuda, anasankha kaburashi kakang'ono, n'kukweranso. Dzuwa linali pamutu, msika uli wodzaza. Anayamba ndi mizere yonenepa, mipata yotakasuka, monga mphini. Mzere uwu unakhala lichero. Uwu unakhala mpango wa kumutu. Apolisi awiri a pamsika anabwera kudzaonerera, koma ataona jekete ya boma anathandiza kugwira makwerero.

"Uyo ndi Abiti Sumani!" wina anakuwa.

"Tsache labwerera!"

Pofika tsiku lachitatu amayi onse anali atabwerera, akuda bii pa tsaya la mfumu, mwa ndondomeko yawo yakale, Anachanza ali kumapeto ndi dengu lawo la tomato. Sungeni sankaganiza za mawa. Ankangofuna kuti mlongo wa Anachanza akabwera apeze chomuonetsa.

Mawa linafika ndi galimoto ya a Nyambitani. Anatsika n'kuyang'ana khoma. Madzulo ake Sungeni anali atagwada kunyumba yachifumu, jekete atamulanda.

Mfumu tsopano inali itanenepa ndithu. Inkapuma ngati munthu wokwera phiri, ndipo mpando wachifumu anali ataukulitsa kawiri konse.

"Mwinidziko," anayamba a Nyambitani, "mayi uyu wadetsa nkhope yanu ndi anthu ogulitsa usipa. Ndikupempha kuti khoma lifufutidwe lero, makina ake alandidwe, ndipo asadzagwirenso burashi m'dziko muno."

Sungeni anangoti, "Ndinaona malo, Mwinidziko. Anali aakulu."

"Lifufutidwe," inatero mfumu, n'kupuma. "Chifukwa chiyani paja?"

"Chifukwa chithunzicho cha..." A Nyambitani anaima pomwepo. Mkulu wa asilikali, yemwe ankawada kuyambira tsiku limene nayenso anamubaya singano pamimba, anasendera pafupi n'kutchera khutu mwaulemu.

"Chatani, olemekezeka? Malizani. Tikumvetsera."

"Cha... chasintha."

"Chasintha," inatero mfumu. "Koma chalakwa?" Inayang'ana nduna zake. Nduna ya Zachuma inayamba kufufuza kanthu m'thumba. Nduna ya Zaumoyo inagwidwa ndi chifuwa. Aliyense ankakumbukira bwino lamulo, ndipo aliyense ankadziwa kuti kundende ya Indebwana mimba imaphwa msanga, ndipo mimba ikaphwa nkhope ya mfumu imachita makwinya, umene ndi mlandu winanso.

"A Nyambitani, ndafunsa. Chalakwa?"

"Sichingalakwe, Mwinidziko. Cha... chaoneranso patali. Chikusonyeza mfumu yonyamula anthu ake pankhope. Palibe mfumu ina padziko lapansi inachitapo zimenezi."

"Ndiye chatsalira ndi chiyani?"

Mkulu wa asilikali anathandiza. "Nkhope yeniyeniyo, Mwinidziko. Yatsalira pang'ono."

Mfumu inadzigwira tsaya, n'kuyang'ana jumbo la Sungeni limene linali patebulo ngati umboni.

"Kamapweteka kameneko?"

"Pang'ono, Mwinidziko," anatero Sungeni. "Atsikana amapirira."

Ntchito inachitikira pamsika, chifukwa wojambula ankayenera kuonera pakhoma kuti asaphonye. Anayala kapeti pakati pa mabenchi a nyemba ndi a kabichi. Wailesi inalengeza kuti mfumu yaganiza yokha, popanda woiuza, kunyamula amayi a dziko lino patsaya. Kumbuyo kwake nduna zinaima pamzere, malaya ali m'mwamba, chifukwa zithunzi za pamimba nazo zinali zitatsalira. Khoma linakhala monga linalili, ndipo anaikapo msilikali woti azililondera usana wonse kuti wina asalikhudze.

Sungeni anapukuta tsaya lachifumu ndi spiriti, anayatsa kamakina, kanayamba kulira.

"Mayo!" inatero mfumu.

"Musagwedezeke, Mwinidziko, ndili pa lichero. Mukagwedezeka usipa utayika."

Amayi anasiya malonda n'kuzungulira kapeti. Aliyense ankadikira kuti adzione. Mfumu inkatuluka misozi, wailesi n'kumati ikulira chifukwa chokonda anthu. Dzuwa litapendeka Sungeni anafika pafupi ndi khutu, pamene panatsala kamalo ka munthu womaliza. Atamaliza anapukuta inki ndi kansalu n'kubwerera m'mbuyo.

Anachanza anakankha msilikali ndi chigongono, Lonjezo ali kumbuyo kwawo. Anagwada kaye mwaulemu, monga mwa mwambo, kenako anaimirira n'kuyandikitsa nkhope yawo pa tsaya la mfumu ngati munthu wosankha nsomba.

"Mpangowu ndi wanga ndithu. Mphunonso wakhoza." Anafinya maso. "Koma iwe make Lonjezo, tomato ameneyu ndi wa ndani? Ine ndinagulitsapo tomato wonyozeka chonchi? Anthu aziti ndimagulitsa nthudza."

"Malo anachepa, amayi."

"Ndiye mlongo wanga akabwera aone zimenezi?"

Sungeni anayang'ana tsayalo, n'kuyang'ana ophika a kunyumba yachifumu amene ankatsitsa mapoto m'galimoto kuti mfumu ibwezeretse mphamvu. Anayamba kutsuka singano yake.

"Akubwera mwezi wamawa, eti? Musadandaule, amayi. Pofika nthawi imeneyo akhala atakula."